Kuwawa kwa pansi pa mchombo komwe makapusozi akukanika: yankho kwa mlongo wanga wa ku Chipata

Funso lachokera kwa owerenga wa kuno ku Chipata, wa zaka 27, ndipo dzina wapempha lisatuluke. Walemba motere: "Amai nesi, ine ndinabadwa ndi thupi lachikazi koma ndimakhala monga mwamuna, ndipo ndili ndi chibwenzi chachikazi. Ndimagulitsa salaula pamsika. Miyezi yambiri tsopano pansi pa mchombo pamandiwawa, pokodza pamaotcha, makapusozi ndamwa koma sizisintha. Mnzanga akandigwira kumaso ndimamva ngati moto. Ndimabaya testosterone yomwe wina amandibweretsera kuchokera ku South Africa. Anzanga akuti khansa ya chiberekero sindingadwale poti sindigona ndi amuna, ndi zoona? Palinso mnzanga wamwamuna amene amagona ndi amuna anzake, akutuluka magazi kumbuyo koma akuopa kuchipatala. Tichite bwanji?"

Mlongo wanga, mwachita bwino ngako kulemba, ndipo ndiyankha mosapsatira kaili nkhani izi zikakutidwa ndi manyazi ndi pamene anthu amafika kwa ife mochedwa. Ndiyambe ndi funso lomwe ndikanakufunsani mukanakhala pampando patsogolo panga: kuyambira m'mawa mukamayala salaula mpaka madzulo polongedza, mumakodza kangati? Ndikufunsa chifukwa anthu ambiri a ngati inu amandiyankha kuti olo kamodzi. Chimbudzi cha pamsika chili ndi khomo la amuna ndi la akazi, kulikonse komwe mungalowe pali wina woti akuyang'aneni kuyambira kumutu mpaka kuphazi kapena kukuwa kumene, ndiye munthu amangosankha kusamwa madzi ndi kugwira mkodzo mpaka kunyumba. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimafuna kukhuthulidwa pakangopita maola atatu kapena anayi. Mkodzo ukakhalitsa m'katimo tizilombo timapeza mpata woswana, komanso mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wachikasu kwambiri ndipo umaotcha paokha ngakhale mulibe matenda.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi cha minofu. Pansi penipeni pa chiuno, kuchokera ku fupa la pachinena kukafika ku kafupa ka kumapeto kwa msana, pali minofu yoyalika yomwe imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lotulutsa chimbudzi, ndipo njira zonse zitatu zimadutsa momwemo. Aliyense ali nayo, mwamuna kapena mkazi. Ndi imene mumafinya mukamagwira mkodzo kapena mphweya pagulu. Ndiye minofu imeneyi imamva mantha, munthu akamaopa imadzikoka yokha iye osadziwa. Tayesani kufumbata chibakera mwamphamvu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mudzaona kuti madzulo dzanja likuwawa, zala zikukanika kutambasuka, ndipo wina akangokhudza mukudzidzimuka. Ndi zomwe zimachitika pansi apa kwa munthu amene amagwira mkodzo tsiku lonse, amayenda mumsewu ali tcheru kuti amunena ndani, ndipo mwina pogonana amakhala akudikira ululu usanabwere n'komwe. Minofu yokokana chonchi imapereka zizindikiro zofanana ndendende ndi matenda a m'chikhodzodzo, kuotcha pokodza, kumva mkodzo pafupipafupi koma kutuluka pang'ono chabe, kulemera pansi pa mchombo, kudzimbidwa, ululu wotsikira m'ntchafu. Makapusozi amapha tizilombo basi, sangamasule mnofu, n'chifukwa chake mukumwa osaona kusintha.

Sindikuti mulibe matenda ayi, sindinakupimeni. Choyamba ndi kukapereka mkodzo ku labu kuti tione ngati muli mafinya kapena magazi, osati kumangogula mankhwala pa kantemba n'kumwa masiku awiri, zimenezo zimangolimbitsa tizilombo. Ndipo poti ndife a kuno kum'mawa, muwauze ngati munakulira kosamba ndi kuchapa m'madamu kapena m'mitsinje, kaili likodzo silithera m'chikhodzodzo mokha, mazira ake amakakhalanso pakhomo la chiberekero ndi m'njira ya kumaso n'kumabweretsa ululu ndi timagazi kwa zaka, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel yemwe ana amamwa kusukulu uja. Mukamva kutentha thupi, kuwawa m'mbali mwa msana, kusanza, magazi mumkodzo, kapena mkodzo kukanikiratu kutuluka, pamenepo musadikire mawa, pitani tsiku lomwelo.

Za testosterone, homoni yachimuna yomwe mumabayayo. Mankhwala amenewa amatsitsa mphamvu ya oestrogen, homoni yachikazi, m'thupi, ndipo khungu la m'njira ya kumaso limadalira oestrogen kuti likhale lochindikala ndi lonyowa. Ikachepa khungulo limapyapyala, limauma, limang'ambika msanga, monga zimachitikira amai amene asiya kusamba, ndipo matenda a mkodzo amabweranso pafupipafupi. Moto womwe mukumva mnzanu akakugwirani mbali ina ukuchokera apa, kenaka minofu ija poopa ululu imakokananso, ululu n'kuwonjezeka, zimangozungulira choncho. Chithandizo chake chilipo, ndi kirimu ya oestrogen yopaka pamalo pomwepo, yomwe imalowa m'magazi pang'ono zedi ndipo siyibweza mawu kapena ndevu zomwe mwapeza. Amalemba ndi dokotala. Komanso mankhwala obaya opanda wokuyang'anirani amandidetsa nkhawa, ndinene zoona. Testosterone imachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kulemera, ndiye pamafunika kumapimitsa full blood count, kuwerenga maselo a m'magazi, ndi BP nthawi ndi nthawi, ndipo singano ikhale yanu yatsopano nthawi zonse, kubwerekana singano ndi njira ya HIV ndi hepatitis B. Musawonjezere mlingo pofuna kuti zifulumire. China chomwe ambiri sadziwa, testosterone si njira yolera, msambo ukhoza kusiya koma mimba n'kutenga ndithu ngati umuna walowa, ndipo ngati msambo unasiya kalekale kenaka magazi n'kuyambanso popanda chifukwa, zimenezo n'zofunika kupimidwa.

Ngati mumamanga chifuwa, ndipo ndikuganiza mumatero, dziwani kuti zimakhudzanso pansi. Mnofu wopumira wa pansi pa nthiti ndi minofu ya m'chiuno zimayendera limodzi, mukakoka mpweya zonse zimatsika, mukatulutsa zimakwera. Chifuwa chikamangidwa ndi bandeji yothina mumapuma pamwamba chabe ndipo pansi sipamasuka tsiku lonse. Musapitirire maola 8, musagone mutamanga, ndipo bandeji ya krepu kapena tepi zisiyeni, zimathina mowonjezeka mukamayenda, bola sports bra yolimba ya saizi yanu, mu salaula momwemo zimapezeka.

Ndiye mungachite chiyani panokha kunyumba? Pa intaneti aliyense akangomva za m'chiuno amathamangira kunena kuti chitani ma Kegel, kufinya ndi kumasula. Masewera amenewo anawatchukitsa dokotala wa ku America Arnold Kegel mu 1948, ndipo anali a amai omwe minofu inafooka atabereka n'kumadontha mkodzo. Kwa inu amene minofu ndi yokokana kale, kufinyanso kungowonjezera ululu, ndiye musachite. Inu ntchito yanu ndi kuphunzira kumasula. Madzulo mukasamba n'kuchotsa chomangira chifuwa, gonani chagada pamphasa, pindani maondo, mapazi pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka dzanja likwere, ndipo nthawi yomweyo lolani pansi ponse pafewe ngati mukufuna kuyamba kukodza, osakankha ayi, kungosiya. Tulutsani mpweya osafinya kalikonse. Mphindi 10 tsiku lililonse zakwana. Masiku oyamba mwina simumva kanthu, ena amadabwa kupeza kuti nsagwada ndi mapewa nazo zinali zolumana, ena mpaka misozi imatuluka osadziwa chifukwa, zonsezo zimachitika musachite nazo mantha. Kansalu konyowetsa m'madzi ofunda n'kuika pachinena kamathandiza, kunjuta pang'ono mutagwira chitseko kumathandizanso. Kusintha kumabwera pa masabata, nthawi zina miyezi.

Madzi imwani ndithu, ndipo pezani chimbudzi chimodzi chomwe mungalowe mtima uli pansi, kaya kwa mnzanu wokhala pafupi ndi msika, kaya cha pamalo odyera chomwe chili ndi khomo limodzi, olo kulipira kangachepe, ndalama imeneyo ndi yochepa kuyerekeza ndi yomwe mwataya pa makapusozi. Kudzimbidwa nako kumakoka minofu yomweyi, ndiye nsima ya roller meal iposa ya breakfast pa nkhani iyi, onjezani chibwabwa, nyemba, mapapaya. Chimbudzi chathu chokumba chonjuta chija n'chabwino kale ku thumbo, ngati muli ndi chokhalira ikani njerwa pansi pa mapazi kuti maondo akwere. Zikapanda kusintha pemphani kalata yopita kwa physiotherapist, katswiri wa mafizo othandiza minofu, zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete ali nawo, mungonena kuti muli ndi ululu wa m'chiuno wosatha ndipo mkodzo anapima sanapeze kanthu.

Pa za inu ndi mnzanuyo. Kuno maphunziro a zogonana timawapeza kwa alangizi ku chinamwali, kwa ankhoswe, ndi pang'ono kusukulu kuyambira pomwe boma linaika phunziroli m'masukulu mu 2014, koma onsewo amaphunzitsa za mwamuna ndi mkazi m'banja, ndiye anthu ngati inu mumakula opanda wokuuzani olo chimodzi chokhudza thupi lanu pogonana. Choyamba, simukakamizidwa kulowetsedwa kanthu. Ngati malo amenewo simufuna kugwidwa, kaya chifukwa cha ululu kaya chifukwa mtima sugwirizana nawo, muuzeni mnzanuyo masana muli phee, osati pakati pa zinthu, ndipo mugwirizane mawu oti ukanenedwa zonse ziima pomwepo. Kupirira ululu pofuna kusangalatsa wina ndi kumene kumaphunzitsa minofu kutseka. Mukafuna kuyesa, lubricant ya madzi, zopaka zotereretsa pogonana, ikhale yambiri, mumayipeza ku pharmacy ndi m'makiliniki ena pamodzi ndi makondomu, zikhadabo zikhale zowenga, manja osamba, ndipo chala kapena chidole chogwiritsa ntchito pogonana chomwe chapita kumbuyo chisabwere kutsogolo musanatsuke kapena kusintha kondomu. Chidole mukamabwerekana chivekeni kondomu. Akazi ogonana okhaokha amapatsirana kwambiri vuto lija la chikazi chonunkha ngati nsomba, bacterial vaginosis, komanso mauka, herpes ndi chindoko zimadutsa, ndiye wina akadwala onse awiri mukaonedwe. M'kati musatsukemo ndi sopo, musaikemo mankhwala a zitsamba oumitsa kapena fodya wa nsunko, khungu lanu ndi lopyapyala kale.

Anzanu aja a za khansa akunamizani, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamayenda pokhudzana khungu ndi khungu la kumaliseche, pa zala, pakamwa, pa zidole, sikadikira mwamuna. Ndi khansa yomwe ikupha akazi ambiri kuposa ina iliyonse muno mu Zambia, ndipo amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chochuluka kasanu ndi kamodzi malinga ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Aliyense amene ali ndi khomo la chiberekero ayenera kupimidwa, kaya amavala diresi kaya thalauzi, WHO imati kuyambira zaka 30, ndipo kwa amene ali ndi HIV kuyambira zaka 25, koma inu poti muli ndi ululu musawerengere zaka, pitani akaone. Muno pulogalamu yopima inayamba mu 2006 ndipo m'zipatala za boma ndi ulele. Nesi amalowetsa kachitsulo kotsegulira kotchedwa speculum, amapaka viniga pakhomo la chiberekero, akadikira pang'ono malo odwala amayera, ndipo akakhala aang'ono amatha kuwaotcha kapena kuwaumitsa tsiku lomwelo isanakhale khansa. Ndikudziwa kuti kwa inu kukhala pabenchi pakati pa azimai a zitenje kenaka kukagona pabedi lija miyendo yotambasula ndi chinthu cholemera kwambiri. Muli ndi ufulu wopempha speculum yaing'ono, kupempha kuti apake lubricant, kuti akuuzeni chilichonse asanachite, ndi kunena kuti imani. Funsaninso ngati pamalopo ali ndi njira yopima HPV yomwe mumadzitengera nokha ndi kathonje kokhala pakamtengo, malo ena ayamba, ndipo kwa anthu ngati inu ndi yopepuka kwambiri. Mnzanuyo nayenso apite. Ngati kunyumba kuli asungwana ang'ono, katemera wa HPV akuperekedwa dziko lonse kuyambira 2019, muonetsetse kuti alandira.

Mantha a kuchipatala sindingawapeputse. Malamulo a dziko lino, Penal Code gawo 155 ndi 158, amalanga kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu 2019 khoti linapereka zaka 15 kwa amuna awiri a ku Kapiri Mposhi omwe anadzakhululukidwa ndi pulezidenti mu 2020. Aliyense anamva nkhani imeneyo. Ife ogwira ntchito za umoyo tili ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala, ndipo wophwanya mukhoza kukamudandaulira ku Health Professions Council of Zambia, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo, kapena ku khonsolo ya manesi ndi azamba, komabe ndikudziwa kuti alipo ena a pakamwa, ndipo Chipata ndi tauni yoti nesi akhoza kukhala wa kwaya imodzi ndi amai anu. Ndiye malangizo anga ndi awa: ife kuti tikuthandizeni sitifunikira mbiri ya moyo wanu, timafunikira kudziwa chiwalo chomwe chikuwawa, chinayamba liti, chikutuluka n'chiyani, ndi mankhwala omwe mukumwa kapena kubaya. Mungathe kunena kuti ndili ndi chiberekero, sindinapimidwepo, pansi pakuwawa ndipo ndi pouma, ndimabaya testosterone. Zimenezo zakwana kuti dokotala aganize bwino. Dzina la mnzanu palibe amene ayenera kulifuna. Ngati kiliniki ya m'komboni mwanu muli odziwana nawo, kwerani basi mukapite ina kutali pang'ono, ndipo tengani munthu mmodzi womukhulupirira akakhale panja. Funsaninso anzanu mwakachetechete, iwo amadziwa nesi amene amalandira anthu bwino.

Tsopano mnzanu wamwamuna uja. Kumbuyo sikutulutsa madzi okha monga kutsogolo, khungu la m'kati ndi lopyapyala, ndipo pakhomo pali minofu iwiri yozungulira, wina timaulamula tokha, wina umamasuka paokha munthu akadekha, sungaukakamize. Magazi ofiira owala otuluka ndi ululu wakuthwa pochita chimbudzi kawirikawiri ndi kang'alu ka pakhomo, ndipo magazi opanda ululu kawirikawiri ndi ma piles. Aleke kugonana kumbuyo mpaka papole, afewetse chimbudzi ndi madzi ndi masamba, azikhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 kapena 15 kawiri patsiku. Koma ngati pakutuluka mafinya kapena zonanda, akumva ngati chimbudzi sichinathe nthawi zonse, pali tizilonda kapena njerewere, kapena magazi apitirira sabata ziwiri, apite kuchipatala ndithu, kaili chinzonono, chlamydia, chindoko ndi herpes zimagwiranso kumbuyo ndi kukhosi, nthawi zambiri mwakachetechete. M'makiliniki athu ambiri timapereka mankhwala potengera zizindikiro zomwe munthu wanena, ndiye akangoti m'mimba mukuwawa adzabwerako ndi mankhwala olakwika. Anene chabe kuti kumbuyo kukutuluka magazi ndi mafinya, ndikupempha mundione ndi kundipima matenda opatsirana. Magazi akuda ngati phula, kuonda, kapena chizungulire, zimenezo ndi za tsiku lomwelo.

Ndipo mumufunse chomwe amapaka, ndikukhulupirira ayankha kuti Vaseline, saladi kapena mafuta odzola. Mafuta aliwonse amafooketsa kondomu ya latex m'kanthawi kochepa n'kuphulika, malovu nawo amauma msanga, yofunika ndi lubricant ya madzi kapena ya silicone. Makirimu ochititsa dzanzi asagwiritse, ululu ndi umene umamuuza kuti aime. Kudzitsuka m'kati ndi madzi a sopo kumasupula khungu, akafuna agwiritse madzi ofunda pang'ono okha. Kugonana kumbuyo kopanda kondomu ndi kumene kuli ndi chiopsezo chachikulu cha HIV pa njira zonse zogonana, makamaka kwa wolandira, ndipo pakakhala bala chimakwera. Ngati alibe kachilombo apemphe PrEP, mankhwala oteteza kutenga HIV, mapilisi a tsiku ndi tsiku alipo m'zipatala za boma, ndipo jekiseni ya cabotegravir yobaya miyezi iwiri iliyonse inayamba kuperekedwa muno mu 2024 m'malo ena. Kondomu ikaphulika kapena wina akamugwiririra, PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu atakumana kale ndi chiopsezo, iyenera kuyambidwa asanathe maola 72 ndi kumwa masiku 28. Ngati ali nako kale, ma ARV akamwedwa bwino mpaka viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, kufika posaoneka, sapatsira mnzake pogonana. Apimitsenso hepatitis B, katemera wake alipo.

Mwa anzanu mwina alipo amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala monga akazi, ndipo ena amameza mapilisi olera angapo patsiku pofuna mabere. Muwauze kuti oestrogen ya m'mapilisi olera, ethinylestradiol, imaundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa osuta fodya, ndipo mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa kapena mpweya ukabanika mwadzidzidzi athamangire kuchipatala. Kukanikizira maliseche kumbuyo ndi tepi tsiku lonse kumabweretsa zilonda, ululu wa machende ndi vuto lomweli logwira mkodzo, azimasula akafika kunyumba ndi pogona. Prostate, kachiwalo kachimuna ka pansi pa chikhodzodzo, ali nayobe, ndiye akamakula mkodzo ukayamba kuvuta akapimidwe monga wina aliyense.

Chomaliza ndi chovuta kufunsa m'kalata koma sindingachisiye. Anthu ambiri a ululu wa mtundu wanu anagwiriridwapo, ena ndi achibale kapena anyamata a m'komboni omwe amati akufuna kuwawongola. Ngati zinakuchitikirani, mlandu si wanu, ndipo minofu yokokanayo ikhoza kukhala inayambira pomwepo, ndiye kupuma kuja ndi kirimu zimafunika kuyendera limodzi ndi kulankhula ndi mlangizi wodziwa ntchito. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulele ndipo simukakamizidwa kutchula dzina. Zikachitika kumene, pitani ku One Stop Centre ya pachipatala, malo othandiza ochitidwa nkhanza, msanga, PEP asanathe maola 72, mapilisi oletsa mimba a pangozi asanathe masiku 5, ngakhale mukubaya testosterone.